Mmisiri wa Mapoto ndi Moto Wake

Poto wa aluminiyamu woumbidwa pamanja sabisa mbiri yake. Mukamutembenuza mupeza kachipsera pansi pake, pomwe panalowera chitsulo chosungunuka. Mukamusisita m'mbali, zala zimva timizere ta tupa. Mukamugogoda ndi chikhadabo amalira mawu aakulu, osiyana ndi a poto wopyapyala wa m'sitolo. Mlungu wathawu poto ameneyu anali pisitoni ya minibasi, chidutswa cha rimu ndi chogwirira cha chitseko. Chasandutsa zonsezi kukhala chinthu chimodzi ndi moto, ndipo mmisiri weniweni wa mapoto mumamudziwira pa kasamalidwe ka moto wake.

Njewa ili m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, pomwe mzinda wa Lilongwe ukuyamba kusanduka minda, musanafike ku Chitedze. Malo a kumphepete ngati amenewa amamukomera wosungunula zitsulo, chifukwa bwalo limapezeka, dothi ndi mchenga zili pafupi, ndipo msewu ukulowera m'tauni. Zitsulo zakutha zimayenda panjinga, m'matumba akale a feteleza: zotsala m'magalaja a ku Biwi, zotoledwa m'makwalala a Chinsapo ndi Kawale, zosonkhanitsidwa ndi anyamata a ku Mgona ndi Area 25 cha kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Wogula amayendayenda ndi sikelo yake yokoloweka, ndipo amadziwa kuti aluminiyamu ali ndi mtengo woposa wa chitsulo wamba.

Mtengowo uli ndi chifukwa chake. Aluminiyamu watsopano amachokera m'dothi lotchedwa bauxite, ndipo kuti atuluke pamapita magetsi oopsa, mayunitsi pafupifupi 14 pa kilogalamu imodzi, mayunitsi omwewa timagula ku ESCOM. Fakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo, yomwe inayamba ntchito mu 2000, inamangidwa kuti izidya magetsi oposa amene dziko lonse la Malawi limapanga. Ifenso tili ndi bauxite pamwamba pa phiri la Mulanje, wodziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920, koma mgodi sunatsegulidwepo, ndipo kuchepa kwa magetsi ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Kusungunula aluminiyamu wakale m'fakitale yamakono kumangofuna gawo limodzi mwa magawo 20 a mphamvu imeneyo. Choncho pisitoni yakutha ndi magetsi amene munthu wina analipira kale kudziko lina. Ntchito ya mmisiri ndi kusawononga mphatsoyo ndi moto wosasamala.

Tsiku limayamba ndi kusankha. Mmisiri amakhuthula thumba pansi n'kukhala chonjuta, maginito ali m'dzanja, kawirikawiri yochotsedwa m'sipika ya wailesi yakufa. Chilichonse chomata pa maginito chimapita pambali, chifukwa aluminiyamu samata. Mabawuti obisala m'mabowo amawagogoda ndi nyundo mpaka atuluke. Koma maginito siuza zonse. Zinki nayenso samata, ndipo amaoneka motuwa chimodzimodzi. Apa ntchito imagwera dzanja: mmisiri amaponya chidutswa m'mwamba pang'ono n'kuchiwakha, ndipo kulemera kwake kumamuuza. Zinki amalemera kuposa aluminiyamu kawiri ndi theka. Chidutswa chopepuka mopitirira nacho amachikayikira, chifukwa chikhoza kukhala magnesium, chitsulo chimene chikagwira moto chimayaka mothobwa m'maso ndipo madzi sachizimitsa.

Pakati pa aluminiyamu yemweyo palinso kusiyana. Wa m'mainjini, ukamuswa ndi nyundo, amathyoka n'kuonetsa timibulu totuwa. Ameneyu ndiye wokondedwa, chifukwa anasakanizidwa kale ndi silicon, chinthu chochokera mumchenga chimene chimachititsa kuti chitsulo chisungunuke msanga ndi kuyenda bwino m'malo opanikizika. Zitini za zakumwa ndi zopyapyala komanso zopakidwa penti, ndiye gawo lalikulu limangopsa n'kusanduka litsiro loyandama. Mmisiri amaziphwanya kaye kukhala zibuma, ndipo saziponya m'chosungunulira chopanda kanthu. Amadikira kuti muyambe mwakhala chitsulo chamadzi, kenako amazimiza msanga zisanakumane ndi mpweya.

Pali chinthu chimodzi chimene mmisiri wosamala sachilola kuyandikira: mtovu. Umapezeka m'mabatire a galimoto, m'zomatira za marediyeta akale ndi m'tizitsulo tokhomedwa pa rimu. Ukalowa m'poto umasuluka pang'onopang'ono m'chakudya, makamaka m'ndiwo zowawasa za matimati, ndipo umawononga ubongo wa ana. Ofufuza ku Cameroon ndi ku South Africa anaupeza m'mapoto oumbidwa motere. Ndikaona mmisiri akukanda kachidutswa ndi mpeni kuti aone kufewa kwake asanakataye kutali, ndimadziwa kuti luso lake lafika mpaka m'mbale ya mwana amene sadzamuona.

Chikombole choumbiramo poto chimapangidwa ndi mchenga wosalala wosakaniza ndi dothi lomata pang'ono. Mnyamata wophunzira ntchito amausefa, amauwaza madzi, amauponda ndi mapazi, kenako amabweretsa dzanja limodzi kwa mkulu wake. Mkuluyo amaufinya. Ukhale ngati mbamu ya nsima: ugwirane, usunge zizindikiro za zala, koma usamate m'manja. Akauthyola pakati uthyoke bwinobwino osanyenyeka. Ukauma kwambiri chikombole chimagumuka, ndipo ukanyowa kwambiri ndi ngozi, pakuti madzi akasanduka nthunzi amafufuma kuposa ka 1,600, mokwanira kulavula chitsulo chamoto kumaso kwa wothira.

Chitsanzo chake ndi poto wina wabwino. Mmisiri amamudzaza mchenga m'kati, akutsendera ndi kamtengo pang'onopang'ono, ndipo mchenga umenewu ndiwo udzakhale mimba ya poto watsopano. Amamuvundikira pathabwa, namuzinga ndi mabokosi a matabwa opanda pansi, ogawika m'zigawo. Paliponse pomwe zigawo zikumana amawazapo phulusa losefa kuti mchenga wa uku usagwirane ndi wa uko. Pamwamba amaimika kapaipi, komwe kakazulidwa kadzasiya njira ya chitsulo. Akatsendera mchenga kuzungulira, amabaya timabowo ndi sipoko ya njinga kuti mpweya ndi nthunzi zipeze potulukira.

Kenako imafika mphindi imene ndimagwira mpweya. Amagogoda bokosi pang'ono m'mbali zonse, amalinyamula molunjika osapendeka, amachotsa poto wachitsanzo, n'kubwezera zigawozo m'malo mwake motsata zizindikiro zimene analemba ndi khala pamatabwa. M'katimo mwatsala mpata wokhawokha, wa mamilimita ochepa, wooneka ndendende ngati poto amene kulibe. Bokosi likasuntha ndi kachidutswa kakang'ono, poto adzatuluka wonenepa mbali imodzi, wobooka mbali inayo. Mmisiri amachita zimenezi kambirimbiri m'mawa umodzi, ndipo mabokosi amafola pansi kudikira. Sayatsa moto asanathe onse. Lamulo limeneli lokha limapulumutsa makala ambiri, chifukwa ng'anjo yotentha yodikira chikombole imadya chabe.

Tifike pa moto. Ng'anjo yake ndi dzenje kapena theka la mgolo, lomatidwa dothi m'kati, lokhala ndi paipi yolowetsa mphepo cha pansi. Pakati pamakhala chosungunulira, chodulidwa ku paipi yochindikala kapena ku chigoba cha kompuresa ya firiji, ndipo makala amachizungulira. Masamu ake ndi odabwitsa. Kuti kilogalamu imodzi ya aluminiyamu itenthe kufika madigiri 660 n'kusungunuka, imamwa kutentha kosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a yunitsi. Kilogalamu ya makala abwino ili ndi kutentha kwa mayunitsi pafupifupi 8. Kukanakhala kuti kutentha konse kumalowa m'chitsulo, kilogalamu imodzi ya makala ikanasungunula makilogalamu oposa 20. Palibe ng'anjo yapabwalo imene imayandikira pamenepo. Kutentha kochuluka kumathawira kumwamba ndi malawi, kwina kumalowa m'nthaka, kwina kumaotcha miyendo ya amisiri.

Kutentha kothawako kuli ndi kwawo. Makala ambiri a mu Lilongwe akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, komwenso kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu. Mu 2015 boma linafika potumizako asilikali kuti akalondere mitengo. Uvuni wadothi wa ootcha makala umameza makilogalamu 6 a nkhuni kapena kuposerapo kuti utulutse kilogalamu imodzi, ndipo kilogalamuyo ikayaka imatulutsa mpweya wa kaboni woposa makilogalamu awiri ndi theka, mpweya umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Ndondomeko ya boma ya za makala ya 2017 mpaka 2027 inanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Poyerekeza ndi mbaula za mzinda wonse, ng'anjo za mapoto ndi zochepa. Koma mafakitale aakulu a ku Europe obwezeretsa zitsulo akulimbana ndi funso lomweli, la mmene angasungunulire popanda gasi ndi malasha, ndipo mayankho awo amayambira pomwe amayambira mmisiri wathu: tseka kaye pomwe kutentha kukuthawira.

Khoma la ng'anjo ndi poyambira. Dothi lokhalokha limamwa kutentha n'kukupatsira kunja. Mmisiri wodziwa amaliponda pamodzi ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Moto woyamba ukapsereza utuchiwo, m'khomamo mumatsala timapanga tosawerengeka todzaza mpweya, ndipo mpweya wosayenda ndi woumira kwambiri ndi kutentha. Pakati pa khoma ndi mgolo amathirapo phulusa louma. Mukhoza kugwira kunja kwa ng'anjo yotere chitsulo chikusungunuka m'kati.

Chachiwiri ndi chivundikiro, chadothi lomwelo, chokhala ndi bowo pakati. Chimabweza kutentha pansi, ndipo bowolo silingotulutsa utsi. Pamwamba pake mmisiri amasanjikapo zidutswa zimene zidzalowe ulendo wotsatira, kuti mpweya wotentha wotuluka uziumitse, upsereze mafuta a injini, ndi kuzitenthetseratu. Zikamalowa m'chosungunulira zimakhala zayenda kale gawo lina la ulendo pa moto umene ukanatayika. M'mafakitale ntchito imeneyi ili ndi makina ake odula. Kuno ikugwiridwa ndi kachidutswa ka waya wa sefa ndi munthu amene anaona kuti malawi akupita pachabe. Makalawo amawaswa kuti akhale a msinkhu umodzi, chifukwa aakulu amasiya mipata yomwe mphepo imangodutsamo, ndipo fumbi limatsamwitsa moto.

Mphepoyo ili ndi mbiri yaitali kuno kwathu. Makolo ankasula ndi mivukuto ya zikopa, ndipo ku Kasungu kudakali mabwinja a ng'anjo zazitali zimene zinkakoka mphepo zokha chifukwa cha kutalika kwake. Lero pali gudumu la njinga. Mnyamata amalizunguza ndi dzanja, lamba wodulidwa ku chubu amathamangitsa kafani kakang'ono kotsekeredwa m'chitini chokhomedwa, ndipo gudumu likazungulira kamodzi kafaniko kamazungulira kambirimbiri. Amisiri ena aika m'malo mwake fani ya mavoti 12 yochotsedwa m'galimoto yakufa, yolumikizidwa ku sola imodzi ndi batire. Ubwino wake si kupumitsa mkono kokha. Dzanja limatopa, limathamanga n'kufooka, ndipo moto umakwera n'kutsika. Fani imapereka mphepo yofanana, ndipo mmisiri amaichepetsa kapena kuiwonjezera ndi kachitsulo kotsekera kukamwa kwa paipi. Mphepo ikachepa makala amafuka osatentha. Ikachuluka imaziziritsa chosungunulira n'kuuluzira kutentha kumwamba. Iye amamva malire ake ndi khutu, pa mkokomo wa ng'anjo.

Tisadzinamize kuti sola imodziyo ingasungunule chitsulo. Makilogalamu 10 amafuna mayunitsi pafupifupi atatu, kutanthauza masola 10 a mawati 300 akugwira ola lathunthu dzuwa lili paliwombo, popanda kutaya kalikonse. Sola imodzi ikhoza kupemerera moto, koma motowo ufunabe chakudya.

Chakudya china chili m'minda yozungulira Njewa. Chigawo chino ndi cha chimanga ndi mtedza, ndipo ku Chitedze komweko ndi kumene mbewu zambiri za mtedza zakhala zikuyesedwa. Zitsononkho ndi makoko a mtedza amaziika mumgolo wobooledwa pansi, amayatsa pamwamba, ndipo utsi woyera wa chinyezi ukatha n'kuyamba kupyapyala amatseka mabowo onse ndi dothi. Zikazizira zimakhala zakuda, zopepuka. Amazisinja mumtondo, amasakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, amatsendera m'kapaipi ndi chitsulo, n'kuyanika padzuwa masiku angapo. Awa ndiwo mabriketi. Kaboni wa m'chitsononkho anatengedwa mumpweya dzinja lapitali, ndipo chimanga cha chaka chamawa chidzamutenganso. Mtengo wa msuku kapena tsamba wodulidwa ku Dzalanyama sudzabwerera m'zaka makumi angapo, ngati udzabwerere n'komwe.

Mabriketi ali ndi khalidwe lawo. Amachedwa kugwira, amasiya phulusa lambiri, ndipo phulusalo limatseka njira ya mphepo. Mmisiri amene wawazolowera amakweza paipi pang'ono, amasiya kadzenje ka phulusa pansi, amayambira ndi makala ochepa, ndipo ng'anjo ikatentha amapitiriza ndi mabriketi, akutokosa ndi kachitsulo nthawi ndi nthawi. Zitsononkho nazonso zili ndi eni ake, chifukwa amayi ambiri amaphikira zomwezo, ndiye si zotola mwaulere monga ena amaganizira. Ena amatenga njira yachidule, kudonthezera oyilo wakuda wa m'magalaja m'paipi ya mphepo. Moto wake ndi waukali ndipo sudula mtengo, koma kaboni wake ndi wofukulidwa pansi pa nthaka, ndipo utsi wake uli ndi zitsulo zapoizoni zimene zimalowa m'zifuwa za amisiri ndi za ana a pafupi. Ine njira imeneyo sindiiyamikira.

Aluminiyamu akasungunuka masana safiira. Amangonyezimira pansi pa kachikopa kotuwa, ndipo palibe chida choyezera pamalopo. Mmisiri amayang'ana mtundu wa chosungunulira, amaviika ndodo yachitsulo n'kuona ngati ituluka yoyera kapena yomatidwa.

"Madala, tithire?" amafunsa mnyamata.

"Dikira kaye, mphwanga. Chikadakakamira ku ndodo."

Kudikirako ndi kwa mphindi zochepa, ndipo kupyola pamenepo ndi kulakwa kwina. Chitsulo chikatentha mopitirira chimamwa mpweya wa hydrogen wochokera ku chinyezi, ndipo pozizira mpweyawo umasiya timabowo tosaoneka timene timadzadontha madzi. Motero makala owonjezera amabala poto woipa, ndipo mmisiri wosunga moto ndi yemweyo wotulutsa katundu wabwino. Akaona kuti chapsa, amawaza mchere pang'ono kuti litsiro lilekane ndi chitsulo, amaliwengula ndi chipande chachitsulo chimene wachitenthetsa kale, n'kunyamula chosungunulira ndi chopanira chachitali.

Kuthira ndi mpweya umodzi. Chitsulo chiyende mosaduka, njira yake ikhale yodzaza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akazengereza, chitsulo choyamba chimayamba kuuma, ndipo chobwera pambuyo sichigwirana nacho, pamatsala mzere umene udzang'ambike pamoto wa nsima. Akathamanga, chimakokolola mchenga wa m'katimo. Timabowo ta sipoko timatulutsa nthunzi, chitsulo chimakwera n'kuima pakamwa, iye ali kale pa bokosi lachiwiri. Mnyamata samuonerera. Wabwezera kale zidutswa zotentha m'chosungunulira china, kuti ng'anjo isapume ili yopanda kanthu.

Pakapita mphindi zochepa amagumula mchenga, poto n'kutuluka akufuka. Sowo imadula mchira wa pomwe panalowera chitsulo, tupa limasalaza milomo, ndipo amamuthira madzi kuti aone ngati sakudontha. Mchira uja, tizidutswa ta tupa ndi poto aliyense wokanika zimabwerera kumoto. Mchenga amausefa n'kuuwaza madzi kudikira mawa.

Sitepe yotsala ndi magetsi, ndipo pamenepa Malawi ali ndi mwayi umene mayiko ambiri olemera akuusowa. Magetsi athu ochuluka amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo awonjezeredwa ndi a dzuwa, mamegawati 60 ku Salima kuyambira 2021 ndi 20 ku Golomoti kuyambira 2022, komwe kulinso mabatire osungira. Aluminiyamu safuna moto woopsa wa chitsulo wamba. Madigiri 750 amakwana, ndipo ng'anjo ya njerwa zosapsa ndi moto yokulungidwa waya wa koyilo, wa mtundu umene uli m'mbaula zamagetsi, imafika pamenepo popanda utsi. Amisiri a ku Biwi akhoza kuimanga ataonetsedwa kamodzi. Chowopsa ndi kuzima kwa magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi akathima chitsulo chili pakati posungunuka, chimauma m'chosungunulira ndipo tsiku lonse lapita. Munthu wodya za tsiku lomwelo sangaike moyo wake pa waya wotere, n'chifukwa chake thumba la makala likadali pakhomo.

Mmisiri mmodzi sangagule ng'anjo yamagetsi, koma khumi akhoza kugawana imodzi. Khonsolo ipereke malo a shedi ya amisiri cha ku Njewa, ESCOM ifikitsepo waya wamphamvu ndi kulengeza maola odalirika, ndipo ng'anjo ya mabriketi ikhale pambali yodikira tsiku la kuzima. TEVETA, yoona za maphunziro a ntchito zamanja, isadikire zonsezo. Itenge amisiri amene akudziwa kale kuponda dothi ndi utuchi, kuumba chivundikiro ndi kuzindikira mtovu, iwalipire, ndipo akaphunzitse anzawo ku Chinsapo, Kawale ndi Mgona chaka chino.